Makatoni Opanda Mayina

Anzanga, Eliot ndinakumana naye chifukwa cha quotation.

Bambo anga, a Laban, ali ndi bizinesi yotumiza katundu kuchokera ku Limbe kupita ku Nchalo, Bangula ndi kwathu ku Nsanje. Kwa zaka khumi ndi zisanu chilichonse ankalemba m'buku la hadikava, ndipo pa katoni iliyonse ankalemba ndi maka dzina la wolandira, dera ndi nambala ya foni. Sanatayepo ngakhale jumbo ya munthu. Anthu akuchigwa amawadziwa ndi zimenezo.

Ine nditangomaliza diploma ndinayamba kuwavuta.

"Adadi, izi ndi zachikale. Tipangitse system."

Anatopa nane. "Chabwino Constance, wophunzira ndiwe. Funa munthu."

Ndinayambira kwa mayi wina, a Magdalene, omwe ali ndi kaofesi mu town. Anandipanikiza ndi mafunso mpaka mutu kuwawa. Akuti account iliyonse idzakhala m'dzina la bizinesi yathu, akuti backup tsiku ndi tsiku, akuti buku tisalisiye mpaka patatha miyezi itatu yoyesa. Nditaona mtengo ndinangoti zikomo n'kunyamula handbag yanga.

Eliot ndinamupeza pa Facebook. Anabwera yekha ku Limbe, shati yoyera yosita bwino, laptop kukhwapa. Mtengo wake sunafike ngakhale kota ya wa a Magdalene.

"Amayi aja akukulipiritsani lendi ya ofesi yawo," anatero. "Ine masabata atatu basi. Koma lunch ya lero mugula ndinu."

Ndinaseka, ndipo lunch ndinaguladi.

Bambo ataona pepala lake anafunsa funso limodzi lokha.

"Kutchipa chonchi, iyeyo akudyapo chiyani?"

"Ndi wachinyamata adadi, akufuna apange dzina."

Sindinawauze kuti wachinyamatayo anali atandiperekeza kale kawiri mpaka pageti pathu ku Nancholi.

System inabweradi, yokongola. Ukalowetsa zonse pa kompyuta imatulutsa nambala, iwe n'kulemba nambala yokhayo pa katoni, wolandira n'kulandira SMS. Mzere unatha. Ine ndi manja angawa ndinatenga hadikava ija n'kuiponya pamwamba pa kabati. Ndinawauzanso bambo kuti kulemba mayina pa makatoni n'kungotha maka.

Chikondi nacho chinali chitafika pachimake. Zizindikiro zinalipo, koma ndinkaziyang'ana ndi diso lachikondi. Pakavuta kanthu, Eliot sankakonza ine ndikuona.

"Ndikaonera kunyumba babe, kuno network."

Kenako ankatuluka panja kukaimba foni. Tsiku lina ndinamupempha password yaikulu ya system.

"Ndiye kuti sukundikhulupirira?"

Ndinachita manyazi, n'kupepesa ndine.

Pa birthday yake ndinaika chithunzi chathu pa Facebook n'kumupanga tag. Ine m'diresi langa lofiira, iye atandigwira m'chiuno. Linali Lachinayi, sabata ya Khrisimasi.

Lachisanu m'mawa system inakana kutseguka.

Anzanga, katundu wa masiku atatu anali mbwee pansi. Makatoni, matumba, njinga, zonse nambala zokhazokha, ndipo ambiri mwa eni ake anali atapita kalekale. Lole imayenera kunyamuka 2 koloko. Foni ya Eliot inali yothima.

Pakhomo panaima mayi wina amene anabweretsa katoni yake dzulo lake.

"A Laban, muli diresi laukwati mmene muja. Ukwati ndi mawa ku Bangula. Lifika?"

Bambo ananyamula katoni ina yolembedwa 4417, n'kumaitembenuza ngati dzina lipezeka kunsi kwake. Sindinawaonepo choncho chibadwire.

"Constance, iyi ndi ya ndani?"

Ndinathamangira pa kompyuta.

Pa screen panali mawu oti account yaimitsidwa, ndi nambala ya foni yomwe sindinkaidziwa. Ndinaimba. Anayankha ndi munthu wamkazi.

"Ndinu a Constance? Ndimadikira foni yanu. Ine ndine Daisy. Eliot ndi bambo a mwana wanga, timakhala limodzi ku Chimwankhunda."

Ndinakhala pansi pa thumba la ufa la munthu.

"System imeneyo ndinalemba ndine, mwana ali kumsana. Eliot sadziwa ngakhale mzere umodzi wa code. Anandiuza kuti ndi ya amalume ake, tiwathandize ulere. Server ndimalipira ndine mwezi ndi mwezi. Ndiye dzulo amalume ajatu ndawaona pa Facebook... atavala diresi lofiira."

Sindinadziteteze. Ndinangomupempha.

"Asisi, sindimadziwa. Ndilangeni ine mmene mungafunire, koma bambo anga sanakulakwireni. Pano pali katundu wa anthu."

Ndinkangomva mwana akulira chapatali, maso anga ali pa wotchi yapakhoma.

"Ndikutumizirani list pa WhatsApp," anatero Daisy. "Ya katundu amene ali pansiyo basi. Ndikuchitira bambo anuwo. Koma system siibweranso."

List inafika 12 koloko itadutsa. Ndinagwada pa simenti ndi maka, kulemba dzina, dera ndi foni pa katoni iliyonse, misozi ikudontha pa katundu wa eni. Lole inanyamuka 4 koloko. Diresi laukwati lija linali m'katoni 4452.

Eliot analemba patatha masiku atatu. "Babe let me explain..." Mpaka lero sindinayankhe.

Bambo sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Lole itachoka anakoka mpando, kukwerapo ndi mawondo awo ovuta aja, n'kutsitsa hadikava. Anaipukuta fumbi ndi mkono wa shati n'kuiika patsogolo panga.

"Ndinakufunsa paja, mwana wanga, kuti akudyapo chiyani."

Anzanga, mukaona chinthu chatchipa mopitirira, funsani amene akulipira mbali yotsalayo. Yathu ankalipira ndi mayi wa mwana kumsana ku Chimwankhunda, ndipo ine ndinamuthokoza pomutengera mwamuna.