Agogo Yotamu ndi Sitima Yosesa Mabomba

Ndikukumbukira Novembala wa chaka chomwe ndinalowa sekondale, tikukhala ku Woolwich, kudziko la azungu, m'fulati ya pamwamba pa shopu ya nyama. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. M'basi aliyense anali atabaya kaduwa kofiira kapepala pachifuwa, kokumbukira omwe anafera ku nkhondo. Aphunzitsi athu a mbiri yakale, mayi wamtali wonunkhira khofi, anatiuza kuti aliyense alembe za wachibale wake amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Anzanga anabwera ndi mamendulo m'zitini za mabisiketi. Ine ndinalibe mendulo, koma amayi anali ndi nkhani ya bambo awo, agogo Yotamu Kamwendo a ku Ntcheu. Ali mnyamata, agogowo anapita ku Joni wapansi, n'kuthawa m'migodi, mpaka kukathera ku Cape Town komwe anapeza ntchito yothira malasha m'sitima yophera nsomba. Nkhondo itabuka, boma linalanda sitima zoterezi, kuzipaka utoto wotuwa, kuika mfuti kutsogolo, n'kuzituma kukasesa mabomba omwe adani ankatchera m'madzi. Agogo anatengedwa limodzi ndi sitimayo ngati fosholo yake. Anabwerera kumudzi khutu limodzi litagontha, manja ali zipsera zamoto zokhazokha. Amayi ankati mpaka imfa yawo nsomba sankaifuna pafupi, ati fungo lake linawakwana.

Ndinalemba masamba atatu, sitimayo ndinaijambula ndi pensulo. Lachisanu pepala linabwerera ndi inki yofiira: "Nkhani yokoma, koma ndinapempha zoona. Dziko la Malawi silinagunde nyanja yamchere." Asanandipatse, aphunzitsiwo anawerenga mawuwo mokweza kuti ena atengerepo phunziro. Kalasi yonse inaseka.

Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Madzulo ake anawerenga pepalalo ali chiimire, jekete asanavule.

"Ine tsiku ndi tsiku ndimasambitsa nkhalamba zawo zomwe zinamenya nkhondo yomweyo," anatero. "Ndimamvetsera nkhani zawo, sindinafunsepo umboni. Bambo anga okha ndiwo akhale abodza? Mawa uvale nsapato zolimba."

Ku laibulale ya kwathu sitinapeze kanthu. Anatilozera ku nyumba ina yosungira zolemba zakale, kutsidya lina la mzinda, ndipo Loweruka lotsatira tinakwera sitima ziwiri zapamtunda ndi basi, mvula ikuwaza, mabanzi athu ali m'pepala. Pakhomo anatilanda zikwama ndi zolembera, n'kutisiyira pensulo basi. M'katimo munali zii, mukununkha mapepala achinyezi. Bambo wina wa magalasi analemba Kamwendo pa kompyuta, anayesa ndi C, anayesanso ndi K. Palibe. Anali munthu waulemu, ndipo ulemu wakewo unkangowonjezera ukali wa amayi, chifukwa panalibe womukalipira.

Kenaka anatibweretsera buku la zithunzi za sitima zosesa mabomba za kumwera kwa Africa. Patsamba lina panali kasitima kakang'ono, kakuda ndi utsi, amuna atandanda pamwamba pake. M'munsi mwa chithunzi analemba mayina a azungu onse, mmodzimmodzi, ndi maudindo awo. Mphaka yemwe mmodzi wa iwo anamufukata anatchulidwanso dzina. Kumapeto kwa mzere kunaima amuna atatu akuda, ndipo za iwo bukulo linangoti "ndi othira malasha." Amayi anayendetsa chala pa mawuwo kawiri, kenaka pa nkhope zitatuzo. Palibe yomwe akanalumbira kuti ndi ya bambo awo.

"Mphaka ali ndi dzina," anatero m'Chichewa, mosanong'ona. Anthu a pa matebulo ena anatembenuka. Amayi anawayang'ana mpaka onse anaweramanso.

Bambo wa magalasi uja anatilembera keyala ya ofesi ina ku South Africa. Kalata ndinalemba ine, amayi akundiuza zonena, ine ndikuchotsamo mawu ena omwe akanatimangitsa. Yankho linafika Pasaka atadutsa, anzanga ataiwala kale za ntchito ija. Mu envulopu munali pepala limodzi, chithunzi cha khadi lakale lolembedwa pamanja. Dzina: Jotham Nyasa. Ntchito: wothira malasha. Kwawo: Ncheu. Khutu lakumanzere linawonongeka bomba litaphulika pafupi ndi sitima. Pa malo a wachibale panali dzina la amayi awo a agogo, Nachisale, ndipo ndi pamenepo amayi anakhala pansi. Pamzere womaliza analemba kuti mendulo sanabwere kudzatenga. Amayi anaseka kuseka kowawa. Anafunsa kuti munthu wogontha, ali ku Ntcheu, akanamva kwa yani kuti kuli mendulo yake.

M'mawa mwake ndinakatula pepalalo patebulo la aphunzitsi aja. Analiwerenga akumwa khofi.

"Zochititsa chidwi," anatero. "Koma dzinali si lomwe unalemba iwe lija."

Ndinawatsomphola pepalalo m'manja. Kwa nthawi yoyamba pasukulupo ndinayankhula Chichewa mokweza: "Ndi agogo anga." Ndinawonjezerapo mawu ena omwe amayi ankasungira oyendetsa basi osaima pa siteji. Sanamve tanthauzo, koma nkhope yanga anaimva. Anandipatsa chilango chotsalira ena akaweruka, malikisi anga sanasinthe. Amayi anasaina kalata ya chilangoyo osaiwerenga, n'kutsika nane kunsi kukandigulira tchipisi.

Masiku ano zinthu zinasintha, amatero. Khadi lija munthu amalipeza pa foni ali m'basi, ndipo Novembala akafika akuluakulu amatchula Africa m'zokamba zawo. Ana anga salandira inki yofiira akanena kuti agogo awo anali pa sitima yankhondo. Koma pa tsamba la pa intaneti pomwe anaika mayina a m'makhadi otere, agogo akadali Jotham Nyasa. Ndinalemba kupempha kuti akonze. Anandiyankha mwaulemu kuti nditumize chikalata cha nthawi ya nkhondo chosonyeza dzina lawo lenileni. Chikalata chokhacho chomwe chilipo ndi khadi lija, lomwe kalaliki wina analemba osawafunsa.