Ndine Ndinazula Pulagi ya Pampu

Inde, ndine ndinazula pulagi ija. Lekani kunong'onezana kutchalitchi.

Nditasiya sukulu, amalume ananditenga kwawo ku Chifubu kuti ndiziwathandiza ntchito ya mapaipi, n'kundichenjeza kuti ndikangolakwa ndibwerera kwa amayi ku Twapia. Bafa lawo latsopano la alendo lili m'munsi kuposa paipi yotaya zonyansa, choncho tinaikamo pampu yokankhira madzi akuda m'mwamba. Ndinawauza kuti pampuyo ikufunika waya wakewake, osati soketi ya m'khonde imene aliyense amagwira.

"Iwe, giledi naini inakukanika, ungandiphunzitse chiyani?" anatero.

Loweruka abusa ndi akazi awo anabwera kudzagona kwathu. Malaiti anali atapita, ndipo atabweranso masana, aliyense anathamangira soketi ndi foni yake. Inatsala ya pampu yokha. Ndinazula pampuyo, n'kulumikizapo foni yanga.

Amayi busa analowa kukasamba. Posakhalitsa tinamva kukuwa. Madzi anali atasefukira pansi, thovu pamodzi ndi zina zosatchulika, ndipo anatuluka atakwinya chitenje m'maondo, patapata imodzi itatsalira m'katimo.

Amalume anandiyang'ana. "Chachitika n'chiyani?"

"Malaiti apita, amalume."

Pabalaza wailesi ya magetsi inali kuimba nyimbo za kwaya, mokweza.

Chimene chimandiwawa ndi bodza limenelo, chifukwa linali lopusa. Za pulagi sindipepesa, ndinawachenjeza kale.

Pano ndili ku Twapia. Ndamva kuti pampu ija aikokera waya wakewake. Sanandiimbire kundiuza, chonsecho foni ndinachoka nayo yodzaza moto.