Chingwe cha Msinkhu wa Tiya

Ndinaganiza zochoka kwathu ku komboni ya Kanyama chaka chimene madzi a mvula analowa m'nyumba n'kuyandamitsa mphasa ya mwana wathu. Tiyamike anali ndi zaka zinayi, ndipo chifuwa chinamugwira mwezi wathunthu. Tsiku lonyamuka kupita ku Joni ndinamuimika pakhoma, ndinamuyeza ndi chingwe kuyambira kuchidendene mpaka pamutu, n'kumanga mfundo. Ndinamulonjeza matiresi akeake. Amake anaseka, amvekere mwana si thabwa loti n'kumaliyeza, koma chingwecho anandipindira okha m'chikwama.

Ku Joni ndinapeza ulonda pa malo ogulitsira matayala. Mapepala anga anatha msanga, ndipo ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa, choncho zaka ziwiri zimene ndinanena zinasanduka zisanu. Ndalama ndinkatumiza, nthawi zina yochepa yochititsa manyazi. Ndikaimba foni, amake Tiya ankangoti ali bwino. Tiya ankati, "Muli bwanji badadi," kenako ndinkamva mapazi ake akuthamangira kwa anzake. Zithunzi zinkabwera, koma pa foni munthu aliyense amatalika ngati chala.

Lamlungu ndinalibe wocheza naye, ndiye ndinkayendera masitolo a matiresi. Sukulu ndinalekeza giredi seveni, koma chilichonse cholembedwa sindichidutsa, ndipo timapepala tosokerera m'mbali mwa matiresi ndinatiwerenga ngati Baibulo. Ndinaphunzira kuti siponji yabwino imalemera. Ukaikanikiza ndi bondo imabwerera msanga. Yosiya dzenje ndi yabodza. Yofewa kwambiri imapinda msana wa mwana. Mayi wina wogulitsa anafika pondizolowera, ankangondiona n'kuti wabwera uja wokanikiza osagula. Ndinkabwererako dala kuti andinyoze, poti mlungu wonse panalibe wina wondiyankhula.

Tsiku logula ndinatambasula chingwe changa pa matiresi a ana. Poti ndine munthu wowerenga, ndinawonjezera chikhatho chimodzi, kuti mwana amakula. Ndinasankha okutidwa ndi pulasitiki, pokumbukira kuti Tiya ankakodza pogona.

Ndinafika ku Kanyama masana, matiresi ali pamutu. Pakhomo ndinakumana ndi mtsikana wamtali atasenza chidebe cha madzi. Anatula, n'kundipatsa moni mogwada, moni wa alendo. Anali Tiya. Mtima unandiuza kuti ndachedwa, mwanayu sadzandizolowera.

Titalowa ndinayala matiresi pansi. Amake Tiya anayang'ana pulasitiki ija, anayang'ana mwana wawo wa zaka zisanu ndi zinayi, n'kuluma mlomo. Tiya anavula patapata n'kugonapo. Mapazi onse anatulukira kunja, mpaka akakolo. Ndinafuna kunamizira sitolo, koma chingwe chinali m'thumba mwanga.

Mwanayo anandiyang'ana kamodzi, anatembenukira kumbali, n'kupinda mawondo.

"Yakwana, badadi," anatero. "Ine nimagona so."

Pambuyo pake amake anandinong'oneza kuti chibadwire Tiya amagona chowongoka ngati mzati, ndipo amamenya mateche aliyense wogona naye. Ndinayang'ana denga limene anamata okha ndi phula, ndi njerwa zimene anakwezera pakhomo kuti madzi asalowenso. Zonsezi pa foni sanandiuzepo. Zaka zisanu zija, nthawi iliyonse imene amake Tiya ankati ali bwino, nawonso anali atapinda mawondo kuti zimene ndinkatumiza zikwane.