Nthanga za koko m'dimba la apongozi

Mkazi wanga ankapanga chokoleti m'mwezi wa Juni, chifukwa chisanu cha ku Bembeke chimalimbitsa zinthu popanda firiji. Nthanga za koko ankamutumizira mnzake amene anaphunzira naye unamwino, wa kumpoto, kufupi ndi malire a Tanzania. Ankazikazinga pachiwaya ngati mtedza, n'kuzifikisa, n'kupeta, kenako n'kusinja mumtondo pamodzi ndi shuga ndi mkaka waufa mpaka mafuta atatuluka. Ankathira m'timbale n'kuika pawindo.

Anamwalira chaka chimene anthu anayamba kuvala nsalu za zipani mosaopa. Pogawa katundu, chitini cha nthanga chinapita kwa apongozi anga aakazi ku Kaphuka. Iwo anati imeneyi ndi mbewu ya mwana wawo, ndipo zina anazibzala m'dimba, pambali pa mbatatesi.

Ine ndinaphunzira zaulimi ku koleji. Ndinkadziwa kuti alimi a koko amazivundikira m'masamba a nthochi n'kuziyanika padzuwa, moti zimafika kuno zosatha kumera. Ngakhale zikanamera, koko sapirira chisanu. Koma mkamwini sayankhula ndi apongozi ake maso ndi maso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire. Mawu anga onse ankadzera mwa mkazi wanga, ndipo tsopano panalibe powadzeretsa. Ndinauza mlamu wanga, koma anangoseka, nati ndiwasiye azithirira, mwina aiwalako maliro.

Loweruka lina ndinapalasa njinga kukawaona. Ndinawapeza akukwera chitunda kuchokera kumtsinje, ndowa ili pamutu, akutsokomola kwambiri. Phando lililonse anali atalimangira kampanda ka udzu. Ndinaona kuti mtunda umenewu uwadwalitsa. Ndinalowa m'dimbamo n'kuima patsogolo pawo, osanjuta, chipewa chili kumutu.

"Amayi, izi sizimera. Zinafa kale."

Amayi a m'madimba oyandikana anaimitsa makasu. Apongozi anatula ndowa, nakokera nsalu kumaso, natembenukira kumizere.

"Tamva, bambo," anatero akuyang'ana mbatatesi.

Ndinanjuta pamenepo, koma zinali zitachitika kale. Mayi wina anafunsa mnzake mokweza ngati ku koleji amaphunzitsanso kuyang'ana apongozi m'maso. Palibe anaseka. Ndinayang'ana nsapato zanga, zimene zinali zitaponda kampanda kamodzi.

Patapita nthawi apongozi anauza mayi uja kuti andifunse: ngati si mbewu, nanga mwana wawo ankazisungiranji? Ndinayankha kudzera mwa yemweyo kuti zinali zopangira chokoleti, ngakhale tinali pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo.

Madzulo ake apongozi anatulutsa nthanga zotsala. Ine ndinakazinga kuseri kwa nkhokwe, iwo anasinja pabwalo atandifulatira. Shuga anali wochepa, mkaka munalibe, ndiponso ndinali nditapsereza. Zinatuluka zakuda, zamiyalamiyala. Tinathira m'kambale, koma sitinadikire kuti zilimbe.

Apongozi analawa ndi chala. Mayi wotiyankhulira uja anali atapita kwawo.

"Mwana wanga ankadya zowawa chonchi?"

"Ayi, amayi. Zake zinkakoma. Ndalakwitsa ndine."

Anagwedeza mutu, osatembenuka. Anavundikira kambaleko ndi mbale ina n'kulowa nako m'nyumba. M'mawa mwake, ndikumanga katundu panjinga, ndinawaona m'dimba akuzula timipanda tija, udzu wake akuunjika pambali.