Chaka Chimene Amalume Anakalambitsa Amayi

Ndimakumbukira ketulo yakuda, yopanda chivundikiro, imene amalume ankawiritsiramo tiyi amene sitinamulaweko. Ankamusiya pamoto mpaka ade bii. Tiyi ameneyo anali wa chithunzi cha amayi.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala awiriwiri ndi amayi kumudzi kwathu, kufupi ndi Kabudula, ndipo chaka chimenecho iwo anali atayamba kutsokomola ndi kuwonda. Amalume, mlongo wawo wamkulu, ankalemba zikwangwani za magolosale pa Nsaru. Amayi ndiwo anawapempha: "Achimwene, mundijambule ndisanatheretu, mwanayu adzakhale ndi poyang'ana."

Lamlungu lililonse, kwa masabata atatu, amayi ankakhala pansi pa mtengo wa mango atavala chitenje chawo chobiriwira cha kutchalitchi. Fungo la penti ndi parafini linkandipweteketsa mutu, koma sindinkasuntha. Luso amalume anali nalo, limenelo sindingawamane. Anabwezeretsa masaya amene matenda anadya. Ngakhale kachipsera ka pachibwano kanalipo.

Chithunzicho chinakhala pakhoma pathu mwezi umodzi wokha. Kenaka amalume anabwera ndi bambo wina wa m'tauni, wogulitsa ziboliboli ndi zithunzi kwa alendo akunja. Bamboyo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chatsopano palibe amachifuna. Azungu amafuna chakale, chooneka ngati chatoledwa m'nyumba yakugwa ya amishoni. Amalume anauza amayi kuti chikagulidwa mankhwala apezeka, ndipo adzajambula china. Kwathu mwini mbumba sakanizidwa.

Inali nyengo yofukiza fodya. Amalume anayamba ndi kupala dzina lawo pakona ndi lezala. Anapaka tiyi uja ndi kansanza, kuyanika padzuwa, kupakanso. Anachipachika m'chigafa pakati pa masamba a fodya masiku asanu kuti utsi uchilowe. Atachitulutsa anachikulunga ndi kuchifunyulula mpaka penti anang'aluka timizere ngati nthaka ya mu Okutobala. M'mbali mwake anasiyira chiswe. Misomali yokhomera chithunzicho pathabwa anaiviika m'madzi amchere kuti ichite dzimbiri.

Tsiku lopita nacho, amayi anati achione kaye. Anatuluka akugwirira khoma. Pansalu ya chithunzicho panali gogo wachikasu, wamakwinya, maso ali mbuu. Amayi anayang'anitsitsa, kenaka anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Mwandikalambitsa bwino, achimwene. Ndikanadzaoneka chonchi, eti?"

Amalume anayang'ana kumbali, n'kumangirira chithunzicho panjinga.

Mankhwala sanabwere. China sanajambule. Lero ankati penti wasowa, mawa ankati dzanja likuwawa. Amayi tinawaika m'manda mvula yoyamba isanagwe, ndipo chaka chomwecho nyumba ya amalume inafoleredwa ndi malata.

Panopa ndapitirira msinkhu umene amayi anafika. Ana anga akandifunsa kuti agogo awo ankaoneka bwanji, ndimangowalozera pachibwano panga pamene iwo anali ndi chipsera. Abale amati ndikhululuke, unali umphawi. Umphawi ndikuudziwa, ndakula nawo, koma sindinauonepo ukumangirira nkhope ya mlongo wake pakaliyala. Kwinakwake kutsidya kwa nyanja amayi anga ali pakhoma la munthu amene amauza alendo ake kuti ndi mayi wosadziwika wa zaka zana zapitazo.

Koma tsiku lijalo nanenso ndinaseka nawo. Ndinathamangira njingayo mpaka pamjigo, ndikukuwa kuti amalume andigulireko masiwiti. Ndinkayesa kuti amayi akuseka chifukwa chithunzi chada. Sindinkadziwa kuti anali atangoona ukalamba wawo, kamodzi kokha, ndipo nawonso unali kupita kukagulitsidwa.