Ndinaulula Chinsinsi cha Mlongo Wanga pa Mapemphero a Amayi

Inu owerenga, ine ndinataya mlongo wanga ali moyo, ndipo chinamuchotsa ndi pakamwa pangapa. Chopweteka n'chakuti tsiku limenelo ndinkaona ngati ndikuchita zabwino.

Inali nthawi imene migodi ya kuno ku Australia inkakoka anthu kuchokera kulikonse. Ine ndi amuna anga tinkakhala ku Girrawheen, mumzinda wa Perth. Mlongo wanga wamng'ono, amene pano ndimutcha Yamikani, anatitsatira pambuyo. Anali wa zamagetsi. Ankakwera ndege kupita ku mgodi kumpoto, kukhalako masabata awiri, n'kudzapuma sabata imodzi m'chipinda chathu chakumbuyo. Ana anga ankamukonda kwambiri, ngakhale kuti ankawakakamiza kumuyankha m'Chichewa.

Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba cha ku Maddington. Kumeneko kunali mkulu wina wachizungu, bambo Ron, amene panalibe wobwera kudzawaona. Tsiku lina ndikuwameta ndevu anandifunsa za abale anga. Ndinawauza monyadira kuti mlongo wanga ali ndi "tiredi", pakuti ndi mmene kuno amatchulira luso la ntchito yamanja. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati pa unyamata wawo liwu lomwelo linali ndi tanthauzo lina.

Anandiuza kuti iwo anali mwamuna wokonda amuna anzake, pa nthawi imene lamulo la kuno linkamanga anthu otero. Poti sakanatha kulankhula poyera, anali ndi mawu awoawo, oti ungawanene m'basi woyandikana naye osatolapo kanthu. Tiredi anali mwamuna wokumana naye kamodzi, osafunsana ngakhale dzina: wapadoko, woyendetsa lole, msilikali, kawirikawiri wa mkazi kunyumba, amene mawa lake ankakudutsa mumsewu ngati sakukudziwa. Ena ankakumenya pambuyo pake, podziwa kuti kupolisi sungapite. Anandionetsa chipsera pamwamba pa diso lawo. Anati mawuwo ankachenjezana nawo: uyu ndi wofatsa, uyo usamuyandikire.

Ndisaname, ndinamvetsera chifukwa inali ntchito. Mumtima ndinanyansidwa, ndipo nditatuluka ndinasamba m'manja kawiri.

Patapita miyezi, Loweruka lina masana, Yamikani anasiya foni patebulo akutsuka galimoto panja. Inawala, ine n'kusuzumira. Unali uthenga wa mnzake womunyogodola, wofunsa ngati munthu uja wa ku mgodi anali tiredi chabe kapena wamulowa mumtima. Chikhala kuti sindinacheze ndi bambo Ron, ndikanaganiza kuti akunena za ntchito. Nambala yotsegulira foniyo ndinkaidziwa. Ndinawerenga zonse. Penapake Yamikani analemba kuti watopa ndi za tsiku limodzi, watopa kubisala, koma achemwali ake atadziwa akhoza kukomoka.

Sindinamufunse. Lolemba ndinamuperekeza ku bwalo la ndege tikuseka, ngati palibe kanthu. Lachinayi tinali ndi mapemphero a amayi a kumpingo kunyumba kwa mnzathu wina. Tinalipo asanu ndi awiri. Itafika nthawi ya zopempha ndinalira, n'kunena zonse, dzina lake, mauthenga aja, mpaka liwu lija ndi tanthauzo lake. Tinagwirana manja n'kupemphera. Onse analonjeza kuti nkhaniyo ithera m'chipindamo.

Inu owerenga, Amalawi kuno ndife ochepa. Mwamuna wa mmodzi mwa amayiwo ankagwira ntchito pa mgodi womwewo. Sabata isanathe, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia amene Yamikani ankadya nawo ku kantini anayamba kunyamuka iye akakhala patebulo. Wina analemba liwu lija pa chipewa chake cha kuntchito. Nkhani inawoloka nyanja n'kukafika ku Lilongwe. Mayi athu anandiimbira akulira, akuti sakutha kutuluka m'nyumba. Amalume analamula kuti Yamikani asadzapondenso pakhomo. Ndipo mmene lamulo ndi anthu alili kwathu pa nkhani imeneyi, inu mukudziwa.

Yamikani atabwera kuchokera ku mgodi sanakalipe. Analongedza zovala ndi zipangizo zake, n'kuima pakhomo la kukhitchini.

"Achemwali, ndinali panja pomwepa. Bwanji simunandiitane?"

Ndinamuuza kuti ndinkafuna kumuthandiza.

"Mwandithandizadi," anatero. "Tsopano kwathu sindingapiteko."

Mwana wanga wamkazi anamuthamangira mpaka pageti, akumufunsa m'Chingerezi kuti abwera liti. Yamikani anangomusisita kumutu n'kulowa m'galimoto. Ntchito ija anasiya, n'kusamukira ku mzinda wina wakutali kum'mawa.

Sindikudziwa chimene ndinkafuna pokawauza bambo Ron nkhani yonseyi. Mwina ndinkafuna wina andiuze kuti sindinalakwe. Iwo anatembenukira kuwindo.

"Ife mawu aja tinawapanga kuti tisafe," anatero. "Ndinakuuza chifukwa ndinkayesa kuti nthawi imeneyo inatha."

Kuyambira tsiku limenelo anapempha kuti aziwameta munthu wina.

Mayi atamwalira ndinapita ndekha ku Malawi. Mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo sanathire dothi m'manda mwawo. M'siwa amayi ankanong'onezana dzina lake, ena n'kumandipepesa chifukwa cha manyazi amene akuti anatichititsa. Panalibe wodziwa kuti amene anatsegula foni ija ndi ine. Ndinalandira chipepeso chawo osanena kanthu, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Sindikulemba kuti ndisinthe chikhulupiriro cha wina. Inenso pali zambiri zimene ndikulimbana nazo mumtima. Koma ndikukupemphani, mukadziwa chinthu chobisika cha mbale wanu, pitani kwa iyeyo poyamba, mutseke chitseko, mumumvetsere. Musatengere chinsinsi cha munthu kugulu n'kuchitcha pemphero. Mulungu amamva ngakhale simunatchule dzina. Ine ndinatchula dzina chifukwa katunduyo ankandilemera, ndipo ndinamutula pamutu pa Yamikani. Komanso mukamva mawu amene anthu ena amabisalamo, dziwani kuti pali chimene akuopa, ndipo chimene akuopacho chikhoza kukhala inuyo.

Nambala yake ndili nayo. Ndimaimba chaka chilichonse pa tsiku lake lobadwa, foni n'kuitana mpaka kuduka. Chaka chatha anayankha. Anati, "Ndili bwino, achemwali. Anawo akula?" Ndinayamba kulira ndisanamuyankhe. Anadikira pang'ono, kenako anadula.