Modemu ya pa Nsungwi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Ndinali nditangobwera kuchokera ku Tete komwe ndinaphunzira za makompyuta, pepala lili m'chikwama, mwiniwakene ndili kumunda kupalira chimanga cha mayi ku Malowera. Tsiku lina ananditumiza ku kawailesi ka m'dera lathu kukapereka uthenga wa mbuzi zathu zosochera. Ndinapeza bambo wina wadazi akumenya kompyuta ndi chikhatho. Ndinati, "Mukaimenya choncho ikuyankhani?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Ngati ukudziwa, khala apa." Chingwe cha kumbuyo chinali chitangokhwefuka basi. Ndinachikankha, kompyuta inayaka, ndipo Lolemba lotsatira ndinayamba ntchito. Bambowo anali a Armando, mkulu wa wailesiyo, tonse tinkawatcha Shefi. Mbuzi zija sizinapezeke.

Nkhondo inali itatha kalekale, koma kumanga kunali kusanathe. Ambirife tinabadwira ku Zambia, m'misasa ya othawa nkhondo, ndipo makolo athu atabwerera anayamba ndi nyumba ndi minda. Matchalitchi a njerwa ndi zinthu ngati wailesi zinabwera pambuyo, pang'onopang'ono. Wailesi yathu inali zipinda ziwiri za malata: situdiyo, ndi kachipinda kosungiramo mabatire a sola.

Ndifotokoze mmene zinthu zinalumikizidwira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. M'kachipinda ka mabatire munali kompyuta yopanda sikirini yomwe tinkaitcha seva. Nyimbo zonse zinkakhala mmenemo, ndipo inali ndi pulogalamu yoziika m'ndandanda. Mu situdiyo munali kompyuta ina, yakale, yodzaza kale, yomwe ntchito yake inali kuitanitsa nyimbo ku seva n'kuziulutsa. Pakati pa ziwirizi panali kabokosi kolumikizira, rawuta, ndipo kuchokera pa rawuta chingwe chachitali chinkatulukira pazenera kukafika ku modemu. Modemu ndiyo inkatibweretsera intaneti, imene kwathu timangoti redi. Popeza redi imagwira movutikira kuno, Shefi anamangirira modemuyo pamwamba pa nsungwi, ataiveka chigubu chodula kuti isanyowe.

Chilichonse chikachedwa, mankhwala a Shefi anali amodzi: "Kwezani nsungwi." Dona Ines, woulutsa mawu wathu, ankati tsiku lina akadzadandaula mutu, Shefi adzalamula kuti tikweze nsungwi. Pamene ndinkayamba ntchito, nsungwizo zinali kale ziwiri, zolumikiza ndi mphira wa chubu cha njinga. Lamulo lawo lina linali la mafulashi. Nthawi ina munthu anabwera ndi kachilombo pa fulashi, nyimbo zambiri zinatayika, ndiye Shefi anamata timabowo tonse ndi guluu. Ndiye munthu wodziwa ntchito ino asandifunse kuti bwanji sindinkasunga zina pambali. Panalibe polowetsera.

Ntchito yanga yaikulu inali kusamutsa nyimbo za pa makaseti, omwe kuno timati mafita. Ndinkapukuta mutu wa deki, makina oimbira makasetiwo, ndi thonje lonyowetsa mu spiriti, kukunga fita ndi bolopeni, kulumikiza deki ku kompyuta ya mu situdiyo nthawi imene sitikuulutsa, n'kujambula mbali yonse. Kenako ndinkadula nyimbo imodziimodzi, kuzitumiza ku seva, n'kufufuta za mu situdiyo kuti malo apezeke. Pa miyezi imeneyo ndinaona chinthu chimodzi. Redi ikakhala yabwino, nyimbo zinkatseguka bwino. Redi ikatheratu, zinkatseguka msanga kuposa apo. Koma masiku a mitambo, redi ikamangobwera n'kuthawa, pulogalamu ya pa seva inkaima ngati bulu waona mtsinje. Ndinaziona ndithu, koma sindinaziganizire. Ndinali watsopano, ndipo nanenso ndinkatuluka kukakweza nsungwi.

Lachinayi lina nyengo ya mvula kunafika bambo wina wachikulire pa njinga, matope mpaka m'mawondo. Anati ndi a Sakala, a mudzi wina wa njira ya ku Chipera. Anatulutsa fita yokulunga m'mapepala awiri a shuga ndi kansalu. Inali ya kwaya yomwe ankaimba mu msasa ku Zambia, ndipo wotsogolera nyimbo anali mkazi wawo, Marita, amene anamwalira chaka choyamba chibwerereni. Oimbawo anabalalika, ena ku Chiputo, ena ku Chipera, ena kumanda. Tsopano tchalitchi chawo cha njerwa chinali chitafoleredwa, ndipo ankachitsegulira Lamlungu lomwelo.

"Mwanangu, mutiimbire ya koyambayo meyu-diya yeniyeni, 12 koloko masana," anatero. "Tiimitsa mapemphero, wailesi tiika pa meza, tebulo la kutsogolo. Ndagula mapilya anayi atsopano a m'wailesimo, sitiyatsa mpaka ola itakwana."

Shefi anavomera, ine ndinalonjeza, ndipo Dona Ines analengeza masiku atatu kuti onse amene anaimbapo m'kwayayo atchere khutu Lamlungu masana. A Sakala anasiya fita nabwerera kwawo.

Ndinaijambula Loweruka. Inali yotopa, ikuyoyoka fumbi lofiirira, moti ndinapukuta mutu wa deki kanayi. M'nyimbo yoyambayo munali mwana wakhanda akulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinayesa kumuchotsa, koma kuchotsa mwanayo kunali kuchotsanso mawu a oimba, ndiye ndinamusiya. Nyimbo ya khumi ndi chiwiri itangotha, deki inameza fita. Ndinaitulutsa ili yopotanapotana, yoduka pawiri, yosalumikizika. Ndinatumiza nyimbo zonse ku seva, n'kufufuta za mu situdiyo monga mwa nthawi zonse, ndipo tinazimitsa makina dzuwa likulowa. Mawu a Marita anali atatsala malo amodzi okha padziko lonse, m'kabokosi ka m'chipinda cha mabatire.

Lamlungu kunacha ndi mvula. Mabatire anali otsika, choncho Shefi anati tisayatse mpaka 11 koloko. Titayatsa, pulogalamu inapeza nyimbo zatsopano khumi ndi ziwiri, niyamba kuziika m'ndandanda. Pa sikirini panali kamkombero kozungulira ndi mawu a Chipwitikizi oti dikirani. Pulogalamu imeneyo sinkatsegula ndandanda isanamalize, kotero ngakhale nyimbo zakale zinatsekeredwa. Patapita mphindi khumi inasonyeza kuti yamaliza imodzi. Ndinawerengetsa: zonse zikanatha cha m'ma 1 koloko, anthu atazimitsa kale mawailesi n'kupita kukadya.

"Kwezani nsungwi!" anatero Shefi, ndipo posaona wokweza anatuluka okha m'mvula ndi nsungwi yachitatu. Dona Ines anatsegula maikolofoni nayamba kucheza ndi omvera popanda nyimbo iliyonse. Modemu itakwera, kamzere kamodzi ka redi kanaoneka, kenako n'kusowa, kenako n'kubweranso. Liwiro la pulogalamu silinasinthe.

Apa ndi pamene ndinakumbukira kuti pulogalamuyo inali ndi tsamba lomwe imalembapo zimene ikuchita. Aphunzitsi athu ku Tete anatisonyeza kamodzi kokha, ndipo ine tsikulo ndinali ndi tulo. Ndinalitsegula. Mzere umodzi unkangobwerezabwereza. Pulogalamu inkafunsa malo ena ake pa intaneti kuti woimba nyimboyi ndani ndipo chithunzi cha pachikuto chake n'chiti. Ikafunsa inkadikira, yankho osabwera, n'kufunsanso.

Amati safunsa anadya phula, koma makina athu anali ofunsitsa. Ankafunsa anthu a kutsidya kwa nyanja za kwaya yojambulidwa pansi pa mtengo mu msasa wa othawa nkhondo. Zonse zimene ndinkaziona miyezi ija zinalumikizana. Redi ikakhala yabwino, yankho loti sitikumudziwa limabwera msanga ndipo pulogalamu imapitirira. Redi ikasoweratu, pulogalamu siivutika n'kufunsa komwe. Koma redi ya kamzere kamodzi imalola funso kupita, yankho osabwerera. Nsungwi ya Shefi inkatipatsa redi yokwanira kutichedwetsa basi.

Ndinayesa kulowa pa tsamba losinthira zinthu kuti nditseke funsolo, koma nalonso linakana kutseguka. Nthawi inali itatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinasuzumira pazenera.

"Shefi, tizimitse redi. Ndi imene ikutichedwetsa."

"Wapenga iwe? Ine ndikunyowa pano kusaka redi, iwe ukuti tizimitse?"

"Makina akufunsa za nyimbozi kunja, ndipo kunjako sazidziwa."

"Felizarda, ukakhudza kabo imeneyo ubwerere kumunda kwa mayi ako. Wamva?"

Ndinamva bwinobwino, ndipo ndinachita mantha, chifukwa munda wa mayi ndinkaudziwa mzere uliwonse. Koma ndinali nditaononga kale fita ya munthu, ndipo sindikanatha kuononganso tsiku lake. Ndinagwada kuseri kwa rawuta n'kuzula chingwe cha modemu.

Palibe chinachitika. Kamkombero kanapitiriza kuzungulira, popeza pulogalamu inali ikudikirabe yankho la funso lomaliza. Shefi anali atafika pakhomo, madzi akuchucha, akupuma ngati wathamanga. 12 koloko inakwana. Dona Ines anayamba kupereka moni kwa midzi mmodzimmodzi, wa uko ndi wa uko, ngakhale midzi imene wailesi yathu sinkafikako. Mphindi imodzi, ziwiri. Pa mphindi yachitatu ndandanda yonse inatsika nthawi imodzi, nyimbo khumi ndi ziwiri zili pamwamba. Ndinakodola Dona Ines, anatchula dzina la mudzi wa a Sakala, ndipo ndinadina yoyamba.

Kunamveka phokoso la fita yakale, kenako mwana kulira, kenako mawu a mzimayi akukweza nyimbo yekha, ena n'kumulandira. Tonse atatu tinaimvera mpaka inatha. Shefi anapukuta dazi lawo ndi mpango nati, "Ukatha ubwezere kabo. Mawa undilembere pa pepala zimene wachitazi." Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere.

Lolemba ndinakonza zinthu bwinobwino. Ndinalowa pa tsamba losinthira lija n'kutseka gawo lofunafuna mayina ndi zithunzi pa intaneti. Ndinatsekanso lina lomwe linkafunsa ngati kwatuluka pulogalamu yatsopano nthawi iliyonse makina akayaka. Seva ndinaipatsa nambala yake yosasintha, n'kuilemba mu kompyuta ya mu situdiyo, kuti iziipeza mwachindunji. Zonsezi ndinazilemba pa pepala n'kumata pakhoma. Kuyambira tsikulo nyimbo zinkatseguka mofanana, kaya kuli dzuwa kaya mitambo. Modemu inatsala ya mauthenga okha, ndipo nsungwi yachitatu Dona Ines anakachirikizira chingwe choyanikira zovala.

A Sakala anabwera patatha masabata awiri kudzatenga fita yawo. Izi ndi zimene ndinkaopa kuposa Lamlungu lija. Ndinawapatsa zidutswazo mu envulopu n'kuwauza mmene zinakhalira, osabisa kanthu. Anasuzumira mu envulopumo nthawi yaitali.

"Koma nyimbo zilipo?"

"Zilipo zonse, bambo."

Anapinda envulopuyo n'kuiika m'thumba la malaya. Anandiuza kuti tsikulo anayatsa wailesi pa ola yake, n'kumangomva moni wa midzi. Ena anayamba kunena kuti azimitse, mapilya angathe pachabe, koma iwo anaika dzanja pa wailesipo n'kunena kuti mwana uja analonjeza. Za zimene zinachitika nyimbo itayamba sanafune kunena zambiri. Anangoti mapemphero anachedwa kuyambanso.

Kenako anapempha kuti aimverenso nyimbo yoyamba ija. Ndinawakhazika pampando wanga. Anaona mawu pa sikirini pafupi ndi nyimboyo, nafunsa kuti palembedwa chiyani. Ndinawauza kuti makina akapanda kupeza dzina amalemba kuti woimba wosadziwika. Nkhope yawo inasintha.

"Wosadziwika kwa yani?"

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinafufuta mawuwo n'kulemba Marita Sakala. Koma iwo sanathere pamenepo. Anandiuza kuti ndibwezere nyimboyo kumayambiriro, ndipo anayamba kutchula oimba mmodzimmodzi pongomva mawu: uyu wa besi ali ku Chiputo, uyu wosasa mawu anamwalira, uyu wochedwa kulowa ndine. Ine ndinkalemba. Titamaliza anati, "Wolirayo mumulembenso. Ndi Rozita, anali kumsana kwa mayi ake. Sawakumbukira nkhope. Lamlungu lija ndi pamene anawamva koyamba, iyenso mwana wake ali kumsana."

Pa wailesipo ndinagwira zaka zinayi, ndipo pano ndimalumikiza makompyuta m'maofesi ku Tete. Kulikonse ndimapeza a Shefi ake, ofuna redi yambiri chinthu chikangochedwa. Ine ndimayamba ndatsegula tsamba lija kuti ndione makinawo akudikira yankho kwa yani. Ngati wofunsidwayo sangadziwe, ndimatseka funsolo n'kukafunsa munthu amene akudziwa. Pa seva ya ku Malowera nyimbo yoyamba ija ili ndi mayina khumi ndi anayi mpaka lero, ndipo lomaliza ndi la Rozita, amene ankalira.